Banja la Mecklenburg linatha bwanji pomwe ana aakazi analipo?

Mayi wina wokonda kuwerenga mbiri ya mafumu a ku Ulaya wafunsa motere: "Ndinawerenga kuti banja lachifumu la Mecklenburg-Schwerin ku Germany linatha mu 2001, chonsecho mwa abale awiri omaliza, mmodzi anasiya ana aakazi awiri. Banja litha bwanji anthu alipo? Chinanso, akuti Borwin, amene akutsogolera a Mecklenburg lero, anachokera ku ukwati umene banja lomwelo silinkauwerengera. Kwathu kwa Achewa ufumu umayenda kuchikazi, ndiye apa mutu wanga sukugwira. Mwini mpando weniweni ndani?"

Mayi, simunawerenge molakwika. Zonse ziwirizo n'zoona, ndipo zikumera pa tsinde limodzi. Chimene chikukusokonezani ndi liwu loti "kutha". Kwa ife banja latha ngati pamudzi patsala bwinja. Olemba mibadwo ya mafumu a ku Germany akati nyumba yatha, amanena chinthu chopapatiza kwambiri: palibenso mwamuna amene angawerenge makolo ake, bambo kwa bambo, osadumphira kwa mayi ngakhale kamodzi, mpaka kukafika kwa kholo loyamba, komanso amene maukwati onse a mumzere wakewo anali ovomerezeka ndi banja. Koma magazi a Mecklenburg-Schwerin ali mbwee ku Ulaya. Mfumu Willem-Alexander ya ku Netherlands ndi chidzukulu cha Heinrich wa ku Schwerin, amene anakwatira Mfumukazi Wilhelmina mu 1901. Mfumu Frederik X ya ku Denmark ndi chidzukulu cha Alexandrine, mlongo wake wa Friedrich Franz IV, wolamulira womaliza wa ku Schwerin. Chikhala kwanu, mwana wa Alexandrine, Frederik IX, ndiye mbumba ikanayamba kumuyang'ana pa mpando wa malume ake. Ku Mecklenburg dzina lake silinatchulidwe n'komwe.

Musathamangire kunena kuti anthuwa ankangodana ndi akazi, ngakhale kuderera akazi kunalipo ndithu. Taganizirani chifukwa chimene ufumu wa Achewa umapitira kwa mwana wa mlongo. Mkamwini amabwera kudzakhala pamudzi pa mkazi, ana ndi a mbumba, ndiye ufumu ukapita kwa mwana wa mfumu womubereka yekha, wachoka pamudzi, wapita kwa eni ake a mwanayo. Ku Germany zinthu zinali chagada. Mkazi ankatengedwa, ana ake n'kutenga dzina ndi mtundu wa bambo wawo. Kupereka dziko kwa mwana wamkazi kunali kulipereka ku banja la mwamuna wake. Mantha ake ndi amodzimodzi, oti nthaka isatuluke m'banja, kungoti banjalo ankaliwerengera mbali inayo. Mngoni kapena Mtumbuka sangavutike kumvetsa zimenezi.

Banja la Mecklenburg ndi lachilendo pakati pa mabanja achifumu a ku Germany chifukwa kholo lake silinali Mjeremani. Niklot anali mfumu ya Aobotrite, anthu okhala m'mbali mwa nyanja ya Baltic amene chilankhulo chawo chinali pachibale ndi cha ku Poland. Anaphedwa mu 1160 pa nkhondo ndi Heinrich der Löwe, wolamulira wa Saxony. Mwana wake Pribislav analowa Chikhristu, ndipo mu 1167 anabwezeredwa gawo lalikulu la dziko la bambo ake, koma ali pansi pa yemwe anawagonjetsayo. Mwana wa Pribislav, Heinrich Borwin I, anakwatira mwana wamkazi wa Heinrich der Löwe yemweyo. Dzina la Borwin limene mwalitchulali likuchokera kumeneko. Kuyambira 1167 mpaka 1918 zidzukulu za Niklot zinalamulira dziko lomwelo, kupatula zaka zochepa kuyambira 1628 mpaka 1631 pamene mfumu yaikulu ya Roma Woyera, ufumu umene maiko a ku Germany anali pansi pake, inawalanda n'kupatsa mkulu wake wankhondo Wallenstein.

M'zaka mazana oyambirira dziko ankaliona ngati munda wa bambo: ana aamuna onse ayenera kulandirako ndime. Cha m'ma 1230 linagawidwa panayi, kukhala Mecklenburg, Werle, Rostock ndi Parchim. Koma panali chingwe chimodzi chomanga zigawozi. Nthambi ikasowa mwana wamwamuna, gawo lake linkayenera kubwerera kwa abale akuchimuna. Nthambi ya Rostock inatha mu 1314, ya Werle mu 1436, ya Stargard mu 1471, ndipo pang'ono ndi pang'ono zonse zinasonkhananso m'manja amodzi. Pakati pa nthawiyi, mu 1348, Karl IV, amene ankalamulira Roma Woyera, anakweza eni Mecklenburg kukhala a Herzog, udindo wa pansi pa mfumu koma wolamulira dziko lakelake. Ndipo mu 1442, pa pangano la ku Wittstock, anagwirizana ndi banja la Hohenzollern la ku Brandenburg kuti tsiku limene amuna a Mecklenburg adzatheretu, dziko lidzakhala la a Hohenzollern. Panganoli mulisunge, tikumana nalonso kumapeto.

Nthambi ziwiri za m'nkhani yathu, ya Schwerin imene mwaitchula ndi ya Strelitz imene Borwin akuchokerako, zinabadwa pa mkangano wa chuma chamasiye. Mu 1621 dziko linagawidwanso pawiri, Schwerin ndi Güstrow. Gustav Adolf wa ku Güstrow anamwalira mu 1695 atasiya ana aakazi okhaokha, poti mwana wake wamwamuna anali atatsogola kale. Olimbirana anali awiri, onse akuchimuna: Friedrich Wilhelm, wolamulira wa Schwerin, ndi bambo ake aang'ono, Adolf Friedrich II, amenenso anali mkamwini wa malemuyo. Anakangana zaka zisanu ndi chimodzi, mafumu oyandikana nawo akulowererapo, mpaka pa 8 Malichi 1701 anasaina mgwirizano ku Hamburg. Friedrich Wilhelm anatenga Güstrow. Adolf Friedrich II anapatsidwa dera la Stargard kum'mawa ndi la Ratzeburg kumadzulo, zigawo ziwiri zosalumikizana, dziko la Schwerin litakhala pakati. Kameneka ndiko kanadzakhala Mecklenburg-Strelitz. Mgwirizanowu unatseka khomo la kugawana: kuyambira pamenepo mwana wamwamuna woyamba ndiye wolowa ufumu, ndipo nthambi imodzi ikatha, inayo idzatenga zonse.

Udindo wa Großherzog, kunena kuti Herzog wamkulu, unabwera mu 1815 pa msonkhano wa ku Vienna Napoleon atagonja. Friedrich Franz I wa ku Schwerin ndi Karl II wa ku Strelitz onse anakwezedwa. Dzina linakula koma dziko silinakule nalo. Strelitz inali ndi anthu ongopitirira pang'ono 100,000 pofika 1910, pa malo osakwana masikweya kilomita 3,000, pamene Schwerin inali ndi anthu oposa 600,000. Germany atagwirizana kukhala dziko limodzi mu 1871, maiko a Großherzog analipo asanu ndi limodzi: Baden, Hesse, Oldenburg, Saxe-Weimar-Eisenach ndi a Mecklenburg awiriwa. Kuchepa kwa Strelitz sikunailepheretse kukwatitsa ana ake pamwamba. Charlotte, mlongo wake wa Karl II, anakwatiwa ndi George III wa ku Britain mu 1761, ndipo duwa lija la ku South Africa lotchedwa strelitzia, looneka ngati mutu wa mbalame, analitcha dzinali pomulemekeza iyeyo. Luise, mwana wa Karl II, anakhala mfumukazi ya Prussia ndi mayi wa Kaiser Wilhelm I, mfumu yaikulu ya Germany.

Tsopano lamulo lachiwiri, limene ndilo phata la funso lanu la Borwin. Sikunali kokwanira kukhala mwamuna wa mumzere wa amuna. Mayi ako anayeneranso kukhala wofanana kabadwidwe ndi bambo ako, chimene Ajeremani amati Ebenbürtigkeit: wochokera ku banja lolamulira, kapena limene linalamulirapo dziko, ndipo ukwatiwo uvomerezedwe ndi mutu wa banja. Mwana wa mkulu wa asilikali, wa nduna, ngakhale wa mwini minda wolemera wokhala ndi "von" pa dzina lake, sankakwana. Kalonga akaumirira kukwatira mkazi wotere, ankamanga ukwati wotchedwa morganatisch, kapena kuti ukwati wa dzanja lamanzere, poti mkwati ankapereka dzanja lamanzere m'malo mwa lamanja. Apa mumvetse bwino, chifukwa ambiri amasokoneza. Unali ukwati weniweni, wodalitsidwa kutchalitchi, wa mkazi mmodzi. Mkaziyo sanali chibwenzi kapena mkazi wachiwiri, ndipo ana sanali apathengo. Kungoti mkazi sankakwera kufika pa udindo wa mwamuna wake, ana ankapatsidwa dzina lina, ndipo pa mndandanda wa olowa ufumu sankalembedwapo. Banja la Battenberg, limene linadzasintha dzina kukhala Mountbatten, linayamba ndi ukwati wotere wa kalonga wa ku Hesse mu 1851, ndipo mayi ake a Prince Philip anali a Battenberg. Choncho Mfumu Charles III nayonso ili ndi ukwati wa dzanja lamanzere m'mibadwo yake.

Malamulo awiriwa mukawaphatikiza, mupeza kuti banja linkadzitchera lokha msampha. Lina likuchotsa theka la ana, linalo likuchotsa ena mwa otsalawo. Malinga ngati mukubadwa anyamata ambiri zinthu zimayenda. Mibadwo iwiri ikabereka mochepa, dzenje layandikira.

Ku Strelitz dzenjelo linafika mu 1918. Großherzog Georg, amene analamulira kuyambira 1816 mpaka 1860, anali ndi ana aamuna awiri. Wamkulu, Friedrich Wilhelm, analowa ufumu ndipo analamulira mpaka 1904, zaka zambiri ali wosaona. Anasiya mwana mmodzi, Adolf Friedrich V, amene anabereka ana aakazi awiri ndi aamuna awiri. Wamng'ono mwa anyamatawo, Karl Borwin, anamwalira mu 1908 asanakwanitse zaka 20. Wamkulu, Adolf Friedrich VI, analowa ufumu mu Juni 1914, kutatsala masabata ochepa kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse iyambe, ali wosakwatira. Pa 23 Febuluwale 1918 anatuluka madzulo ku Neustrelitz osabwereranso, ndipo mtembo wake unapezeka m'ngalande uli ndi bala la mfuti. Anadzipha ali ndi zaka 35. Manda ake ali pa kachilumba ka ku Mirow, kunja kwa manda a makolo ake.

Ndiye mpando upite kwa yani? Alongo ake awiri, Marie ndi Jutta, lamulo silinkawaona. Kunayenera kubwerera kwa mwana wachiwiri wa Georg uja, Georg August, amene mu 1851 anakwatira Ekaterina Mikhailovna, mdzukulu wa Tsar Paul I, mfumu ya ku Russia, n'kukakhazikika ku Russia. Ngati mufuna, munene kuti anapita chikamwini. Ana ake anakulira ku St Petersburg ndi ku Oranienbaum, akutumikira m'gulu la nkhondo la Tsar. Aamuna analipo awiri, Georg Alexander ndi Carl Michael. Georg Alexander anakonda Natalia Vanljarskaya, mtsikana wa banja lolemekezeka koma losalamulira, amene ankatumikira mayi ake kunyumba yachifumu. Anamukwatira mu 1890 ukwati wa dzanja lamanzere, ndipo Großherzog wa ku Strelitz anapatsa mkaziyo ndi ana ake dzina la Carlow. Mwana wawo wamwamuna, Georg, anabadwa mu 1899. Georg Alexander anamwalira mu 1909. Choncho mu 1918 mwamuna yekhayo wa Strelitz amene lamulo linkamuvomereza anali Carl Michael, wa zaka 54, wosakwatira, mkulu wa asilikali a mizinga wa dziko limene Germany inkamenyana nalo, amene mu 1914 anali atatenga unzika wa Russia n'kunena kuti za ufumu wa Strelitz sakuzifuna.

Taonani chipwirikiti chake. Wolowa ufumu alipo, koma ali mbali ya adani, m'dziko limene lili pakati pa kuukirana, ndipo mawu ake okana sanalembedwe m'njira imene lamulo limafuna. Popanda kukana komveka bwino, Schwerin sikanatha kungotenga Strelitz motsatira mgwirizano wa 1701. Anthu a ku Strelitz nawo sankafuna kumezedwa, poti likulu lawo laling'ono la Neustrelitz linkadalira nyumba yachifumu ndi maofesi ake. Malemuyo anali atayesa kutseka mpatawu mu wilo yake: anasiyira chuma chake Christian Ludwig, mwana wachiwiri wa Friedrich Franz IV wa ku Schwerin, kamnyamata ka zaka zisanu, ndi chiyembekezo choti kadzakhale Großherzog wa Strelitz n'kumakhala ku Neustrelitz. Koma wilo imagawa ndalama, siigawa ufumu. Chimene chinatheka n'choti Friedrich Franz IV akhale wogwirizira mpando podikira yankho la Carl Michael. Kalata ya Carl Michael yotsimikiza kukana inayenda miyezi, n'kufika kumayambiriro kwa 1919. Inapeza mpando womwewo kulibe. Germany inali itagonja, Kaiser atathawira ku Netherlands, ndipo Friedrich Franz IV anali atatula pansi udindo pa 14 Novembala 1918. Strelitz inakhala boma laokha lopanda mfumu mpaka chipani cha Nazi chinaiphatikiza ndi Schwerin pa 1 Januwale 1934.

Nthawi imeneyo aliyense akanalumbira kuti nthambi yolimba ndi ya Schwerin. Friedrich Franz II, amene analamulira kuyambira 1842 mpaka 1883, anakwatira katatu ndipo ana ake aamuna asanu ndi mmodzi anakula. Koma tawawerengeni mmodzimmodzi. Wachiwiri, Paul Friedrich, anakwatira mkazi wa Chikatolika m'dziko la Chilutera, ndipo mu 1884 analolera kuti aphwake amudutse pa mndandanda. Ana ake aamuna sanasiye mbewu. Wachitatu, Johann Albrecht, amene anagwirizira mpando kuyambira 1897 mpaka 1901 Friedrich Franz IV ali wamng'ono, anafa wopanda mwana. Ameneyu ndiye anatsogolera bungwe lolimbikitsa utsamunda wa Germany kuyambira 1895 mpaka 1920, nthawi imene Ajeremani anali kutsidya kwa Songwe, mpaka kudzamenya nkhondo ku Karonga mu Sepitembala 1914. Friedrich Wilhelm anamira ndi sitima yankhondo mu 1897. Adolf Friedrich, amene anayenda ulendo wofufuza ku Rwanda ndi ku Congo mu 1907 ndi 1908 nakhala bwanamkubwa womaliza wa Germany ku Togo, anabereka mwana mmodzi, wamkazi. Heinrich wa ku Netherlands uja anabereka ndi Wilhelmina mwana mmodzi, Juliana. Chiyembekezo chonse chinatsalira pa mzere wa woyamba, Friedrich Franz III, amene mwana wake wamwamuna anali mmodzi, Friedrich Franz IV, amenenso anabereka anyamata awiri: Friedrich Franz mu 1910 ndi Christian Ludwig mu 1912.

Awa ndiwo abale awiri a m'funso lanu. Wamkulu analowa gulu la SS la chipani cha Nazi mu 1931, ndipo mu 1941 anakwatira mkazi amene bambo ake sanamuone ngati wofanana naye, ana sanabereke. Wamng'ono anagwidwa ndi asilikali a Soviet Union nkhondo yachiwiri itatha, nabwerako mu 1953. Chaka chotsatira anakwatira Barbara wa ku Prussia, ukwati wosadzudzulika ndi lamulo lililonse la banja, ndipo Mulungu anawapatsa ana aakazi awiri. Christian Ludwig anamwalira mu 1996, mkulu wake pa 31 Julayi 2001. Tsiku limenelo ndilo mabuku amalemba kuti nthambi ya Schwerin yatha. Ana aakaziwo sanalandidwe kanthu pa chuma cha bambo awo, chifukwa chuma chamasiye chimatsata lamulo la dziko limene silisankha mwamuna kapena mkazi. Chimene sakanalandira ndi umutu wa banja, umene umatsata mwambo wakale uja. Ndipo minda ndi nyumba za ku Mecklenburg zimene banjalo linatsala nazo zinali zitalandidwa kale mu 1945 pansi pa ulamuliro wa Soviet.

Tibwerere kwa mnyamata uja wa Carlow, amene mu 1918 palibe anamuwerengera. Anathawa ku Russia monga anachitira bambo ake aang'ono Carl Michael. Mu 1928 Carl Michael, poona kuti iye ndi womaliza, anamutenga mwalamulo kukhala mwana wake, ndipo Georg anayamba kutchedwa Herzog zu Mecklenburg. Mu 1929 Kirill Vladimirovich, mutu wa banja lachifumu la ku Russia la Romanov, limene linali litathawa kwawo, anavomereza, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Friedrich Franz IV nayenso anavomereza. Carl Michael anamwalira ku Remplin, ku nyumba ya banja lawo ku Mecklenburg, mu Disembala 1934, Georg n'kukhala mutu wa nthambi ya Strelitz. Moyo wake sunali wa nkhuku yoweta: nyumba ya ku Remplin inapsa mu 1940, ndipo mu 1944 a Nazi anamutsekera ku msasa wa Sachsenhausen. Anatulukako wamoyo. Mu 1950 Friedrich Franz, wamkulu mwa abale awiri aja, anatsimikiza udindo wake ndipo dzina la Carlow linasiyidwa. Georg anamwalira mu 1963. Mwana wake Georg Alexander anakwatira Ilona wa banja lachifumu la ku Austria la Habsburg, namwalira mu 1996, ndipo mwana wawo ndi Borwin, wobadwa mu 1956 ku Freiburg. Lero amuna onse otsala a mzere wa Niklot akuchokera kwa Natalia, mtsikana uja anamukana kuti sakukwana.

Kodi chilema cha ukwati wa dzanja lamanzere chimachiritsika? Mbiri ikuti inde, ndipo chitsanzo chabwino chili ku Baden. Karl Friedrich wa ku Baden anakwatira kachiwiri mu 1787 mkazi wosafanana naye, ana ake n'kutchedwa a Hochberg. Amuna a ukwati woyamba atayamba kutha, Großherzog Karl anakhazikitsa lamulo mu 1817 lokweza a Hochberg kukhala akalonga olowa ufumu. Bavaria, imene inkayembekezera kudya nawo dzikolo, inakana kwamtuwagalu, koma maufumu akuluakulu anavomereza pa msonkhano wa ku Aachen mu 1818, ndipo mu 1830 Leopold, mwana wa mkazi wonyozekayo, anakhala Großherzog. Luxembourg inatsata njira ina. Guillaume IV anali ndi ana aakazi asanu ndi mmodzi popanda wamwamuna, ndipo panali wachibale wakuchimuna wa ukwati wa dzanja lamanzere, wa dzina la Merenberg, amene ankati mpando ndi wake. Mu 1907 nyumba ya malamulo inasankha ana aakazi, ndipo Marie-Adélaïde analowa ufumu mu 1912. Choncho banja likafika pamphepete pa dzenje limamasula limodzi mwa malamulo awiri aja: kapena likweze ana a mkazi wosafanana, kapena litsegulire ana aakazi. Limene likumasulidwa limadalira amene ali ndi mphamvu tsiku limenelo. A Mecklenburg anatsata njira ya Baden, kungoti anachedwa, anaitsata ufumu utapita kale.

Kuchedwako ndiko kumapatsa mpata otsutsa. Iwo amati ku Baden anasintha lamulo ndi wolamulira wokhala pampando, maiko ena n'kusainira, pamene mu 1929 ndi mu 1950 ovomerezawo anali anthu wamba m'dziko lopanda mafumu. Amatinso kuvomereza munthu kuti atchedwe Herzog si kumuika pa mndandanda wa olowa ufumu. Mukatsata maganizo amenewa mpaka kumapeto, amuna ovomerezeka a Mecklenburg anatha mu 2001, ndiye pangano lija la ku Wittstock la 1442 ladzuka, ndipo dzinalo lagwera mutu wa banja la Hohenzollern, Georg Friedrich wa ku Prussia.

Ine sindigwirizana nawo, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Lamulo la kufanana kabadwidwe silinatsike kumwamba. Linali lamulo la banja, loteteza abale akuchimuna kuti mwana wa mkazi wosavomerezeka asawadutse. Amene lamulo limawateteza ndi amenenso angathe kulimasula, ndipo izi ndizo akatswiri a malamulo a mafumu a ku Germany ankaphunzitsa: abale akuchimuna akavomera, chilema chachoka. Pa nkhani ya Georg, wom'tenga anali mutu wa nthambi yake, wovomereza anali mutu wa nthambi inayo, ndipo wotsimikiza anali mwana wake wamkulu. Kunena kuti anthuwa analibe mphamvu chifukwa ufumu unatha n'kudzitsutsa wekha, chifukwa ngati kutha kwa ufumu kunawalanda mphamvu yomasula lamulo, kunalandanso lamulolo mphamvu yomanga munthu. Simungasunge chingwe n'kutaya mwini chingwe. Komanso pangano la Wittstock linkanena za kutha kwa amuna a mtundu wa Mecklenburg, ndipo kuti Borwin ndi chidzukulu cha Niklot, bambo kwa bambo, palibe amene amatsutsa. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndiwonjezere kuti lamulo la kufanana kabadwidwe likanati ligwiritsidwe lero mmene linalili mu 1890, mabanja achifumu otsala akanakhala owerengeka. Willem-Alexander ndi Frederik X amene ndawatchula aja onse anakwatira akazi a mabanja wamba, ndipo ana awo ndiwo adzalowe ufumu.

Ana aakazi a Christian Ludwig, mwa malamulo amene banjalo linadzipangira lokha, alibe khomo lolowera, chifukwa palibe mutu wa banja amene anachita zimene Luxembourg inachita mu 1907. Ndikudziwa kuti kwa inu, Mayi, zimenezi n'zowawa kumva, poti mayi awo anali wa banja la Kaiser ndipo bambo awo ndi yemwe uja Adolf Friedrich VI ankafuna kuti adzalowe ku Strelitz. Mukanakhala inu nkhoswe pa mlanduwu, bwezi mutagamula mosavuta. Koma bwalo lake si lanu.

Pomaliza penipeni pa funso loti mwini mpando ndani: mpando kulibe. Malamulo a dziko la Germany a 1919 anathetsa maudindo onse a kubadwa, ndipo mawu oti Herzog zu Mecklenburg anasanduka dzina la bambo chabe, lolembedwa pa chiphaso monga Banda kapena Phiri. Boma silisankha mutu wa banja, silimulipira, ndipo khoti silingazenge mlandu wa yemwe ayenera kukhala Großherzog. Borwin amaimira banja pa miyambo ya chikumbutso ndi pa ntchito zachifundo, ndipo ali ndi ana aamuna awiri. Nyumba yachifumu ya ku Schwerin, imene Friedrich Franz II anaimanganso pa chilumba cha m'nyanja n'kuitsegula mu 1857, ndiyo nyumba ya malamulo ya chigawo cha Mecklenburg-Vorpommern kuyambira 1990, ndipo mu 2024 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse. Aphungu osankhidwa ndi anthu, amuna ndi akazi omwe, amalowa pa chipata chake chachikulu, ndipo pamwamba pa chipatacho pali chiboliboli cha Niklot ali pa hatchi.